JAKARANDA WOYERA NDI ELM WA KU ENGLAND: ZIMENE DZINA LA MTENGO LIMATIUZA

Mau Oyamba

Mwezi wa Okutobala ukafika, kunja kukutentha ndipo minda ili yolimalima kudikira mvula yoyamba, mitengo ya jakaranda imachita maluwa. Aliyense amene anayendapo m'nyengo imeneyi m'misewu ya Kadoma, Chegutu, Harare, Bulawayo, ngakhalenso Blantyre ndi Zomba, amawadziwa maluwa a pepowa, amene amayoyoka ndi kuyala pansi ngati mphasa. Ambiri a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kuno tinakulira pamthunzi wa mitengo imeneyi, kotero kuti timaiyesa yachilengedwe cha konkuno. Komatu jakaranda ndi wobwera, monga analili makolo athuwo, ndipo kwawo ndi kutali kuposa kwathu.

Chandichititsa kulemba nkhaniyi ndi funso la aphunzitsi ena a ku Rimuka. Iwo anaona mitengo ya jakaranda ya maluwa oyera mbee ali paulendo ku Pretoria, ndipo anafuna kudziwa kumene angagule njere zake kuti akafese pa nazale ya sukulu. Ine ndinawalangiza kuti asataye ndalama pa njere. Kuti ndifotokoze bwino chifukwa chake, ndiyenera kuyambira pa maina a mitengo, pakuti dzina lolembedwa molondola limatiuza kumene mtengo unachokera, njira youchulukitsira, ndiponso ngozi imene ingaugwere. Ngozi imeneyi tidzaiona pa mbiri ya mtengo wina wa ku Ulaya wotchedwa elm.

Maina Atatu a Mtengo Umodzi

M'Chichewa liu lakuti "mtundu" limagwira ntchito zambiri. Timati mango ndi mtundu wa chipatso, ndipo timatinso maboloma ndi mtundu wa mango. Akatswiri a zomera amalekanitsa zinthu zimenezi pogwiritsa ntchito maina atatu.

Loyamba ndi dzina la anthu wamba, limene limasintha munthu akaoloka mtsinje. Mtengo umene ife timati mlambe, Ashona amati muuyu ndipo Andebele amati umkhomo. Maina otere ndi chuma cha chinenero, koma sangatithandize pamene tikulemberana ndi anzathu a m'maiko ena.

Lachiwiri ndi dzina la sayansi, la mau awiri a Chilatini, potsata njira imene Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa m'buku lake la Species Plantarum m'chaka cha 1753. Liu loyamba lili ngati mfunda, monga Phiri kapena Banda, ndipo lachiwiri lili ngati dzina la munthu mwini. Mlambe ndi Adansonia digitata kulikonse padziko lapansi. Pamapeto pa dzinali pamalembedwa mwachidule dzina la katswiri amene anayamba kulisindikiza. Ngati chomera chimodzi chapatsidwa maina awiri, lamulo limati limene linayamba kusindikizidwa movomerezeka ndilo lisungidwe.

Lachitatu ndi dzina la mtundu wosankhidwa ndi kusungidwa ndi anthu chifukwa cha khalidwe lina lake. Akatswiri amautcha cultivar, liu limene Liberty Hyde Bailey wa ku America analipeka mu 1923. Malamulo a maiko onse otchulira mitundu yotere anasindikizidwa koyamba mu 1953. Dzinali limayamba ndi chilembo chachikulu ndipo limatsekeredwa pakati pa tizizindikiro tiwiri, 'motere'. Kuyambira pa 1 Januwale 1959, maina atsopano sayenera kukhala a Chilatini, ngakhale kuti amene analipo kale analoledwa kupitirira.

Ife a zaulimi timakhala ndi maina a gulu lachitatuli tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri a iwo amasunga mbiri. SR52, chimanga cha haibulidi chimene chinatulutsidwa mu 1960, chimatikumbutsa dzina lakale la dziko lino la Southern Rhodesia. Zilembo za MH pa MH18 zimaimira haibulidi wa ku Malawi. Dzina lakuti Albar, lodziwika kwa aliyense amene analimapo thonje lochokera ku Cotton Research Institute ya kuno ku Kadoma, imene inayamba ntchito mu 1925, linapangidwa pophatikiza dzina la thonje la Allen ndi mau onena za kupirira kwake ku matenda a blackarm.

Mitundu yosankhidwayi imasungidwa m'njira zitatu. Ina, monga thonje, nyemba ndi mtedza, imasungidwa ndi njere zosamalidwa kuti zisasakanizike. Ina, monga chimanga cha haibulidi, imafuna kuti makolo ake akwatitsidwe chaka ndi chaka. Koma ina sisungika ndi njere konse: imachulukitsidwa podula nthambi, pozula mphukira, kapena pomezanitsa. M'njira yachitatuyi chomera chilichonse chatsopano si mwana wa chomera choyamba, koma chiwalo chake chimene chikumera pamalo ena. Mitengo yambiri yokongoletsa malo imene ili ndi dzina la pakati pa tizizindikiro ili m'gulu limeneli.

Mbiri ya Dzina la Jakaranda

Jakaranda amene timadziwa kuno kwawo ndi kumpoto chakumadzulo kwa Argentina ndi kumwera kwa Bolivia, ku South America. Dzina lake linachokera ku chinenero cha anthu a mtundu wa Tupi a ku Brazil, ndipo linalowa m'mabuku a ku Ulaya kudzera mwa Apwitikizi. Mu 1789 Antoine Laurent de Jussieu wa ku France analitenga kukhala dzina la mfunda, Jacaranda. Mfundawu uli m'banja la Bignoniaceae, limodzi ndi mvunguti wathu.

Apa pomwe chisokonezo chinayambira. Ku Brazil anthu amatchulanso jacarandá mitengo ina ya matabwa a mtengo wapatali, monga Dalbergia nigra, imene siili pachibale ndi jakaranda wa maluwa koma ndi abale a phingo, amene amisiri athu amasemera ziboliboli. Kuno ku Zimbabwe nakonso kuli mtengo wachilengedwe, Stereospermum kunthianum, umene m'Chingerezi amautcha pink jacaranda ngakhale kuti mfunda wake ndi wina.

Dzina lathunthu la mtengo wa m'misewu yathu ndi Jacaranda mimosifolia D.Don. Analipereka mu 1822 ndi David Don wa ku Scotland, ndipo liu lachiwirilo limatanthauza "wa masamba onga a mimosa", chifukwa cha timasamba take ting'onoting'ono tondandalikana. M'chaka chomwecho Robert Brown anasindikiza dzina lina la mtengo womwewo, Jacaranda ovalifolia, koma limene likugwira ntchito lero ndi la Don. Kwa zaka zambiri eni nazale ankaugulitsanso pa dzina la Jacaranda acutifolia, limene kwenikweni ndi la mtengo wina wa ku Peru. Motero amene akuwerenga mabuku akale a za mitengo apeza maina atatu, koma mtengo umene ukunenedwa kawirikawiri ndi umodzi.

Ku Pretoria, mzinda umene watchuka ndi mitengoyi, iwiri yoyamba inabzalidwa mu 1888 m'dera la Sunnyside. Pamene matauni a kuno kumwera kwa Africa ankakula, jakaranda anakondedwa chifukwa amakula msanga, amapirira chilala, ndipo amachita maluwa pa nthawi imene mitengo yambiri ilibe chokongola.

Jakaranda Woyera

Nthawi zina pakati pa mbande zambirimbiri pamatuluka imodzi yosiyana ndi zinzake. Munthu watcheru akaiona, n'kuisunga, n'kuichulukitsa ndi kuipatsa dzina, mtundu watsopano wabadwa. Chitsanzo chodziwika bwino chinachitika ku Dundee, m'dziko la Scotland, cha pakati pa 1835 ndi 1840. David Taylor, woyang'anira nkhalango za pa Camperdown House, anapeza kamtengo ka elm kamene nthambi zake zinkayanga pansi m'malo mokwera. Anakasamutsira pafupi ndi nyumba, ndipo nthambi zake zitamezanitsidwa pa tsinde la elm wamba zinapanga mtengo wooneka ngati ambulera. Lero umatchedwa Ulmus glabra 'Camperdownii', ndipo uliwonse umene uli m'mapaki a padziko lapansi unachokera ku kamtengo kamodzi kaja.

Jakaranda woyera ndi wa m'gulu lomweli. Ndi Jacaranda mimosifolia yemweyo, masamba ndi thunthu lake n'chimodzimodzi, koma maluwa ake alibe utoto wa pepo. M'mabuku amalembedwa 'Alba', liu la Chilatini lotanthauza choyera, ndipo m'nazale za m'maiko ena amagulitsidwa pa dzina la 'White Christmas'. Mzere wotchuka wa mitengoyi uli mumsewu wa Herbert Baker ku Groenkloof, mumzinda wa Pretoria. Eni nazale amauchulukitsa pomezanitsa nthambi yake pa mbande ya jakaranda wamba, monga momwe timachitira ndi mango kapena malalanje.

Kufunika kwa tizizindikiro tija kunaoneka mu 2001, pamene boma la South Africa linaika jakaranda pamndandanda wa zomera zobwera zimene zimafalikira zokha m'tchire ndi m'mphepete mwa mitsinje. Kubzala ndi kugulitsa mitengo yatsopano kunaletsedwa, koma mtundu wa 'Alba' unapatulidwa pa chiletsocho pa chifukwa chakuti subereka njere zomera. Malamulo atsopano a mu 2014 anafewetsa chiletsochi m'mizinda, komabe kwa zaka zoposa 10 liu limodzi lokha ndilo linkalekanitsa mtengo wololedwa ndi woletsedwa.

Tsono yankho kwa aphunzitsi aja likuoneka. Amene wagula njere kapena mbande yofesedwa pa dzina la jakaranda woyera alibe chomutsimikizira kuti maluwa adzakhala oyera. Ndipo popeza jakaranda wofesedwa amatenga zaka zingapo, kawirikawiri zoposa 5, asanachite maluwa, wogulayo adzazindikira kuti anapusitsidwa ana amene anathirira mbandezo atamaliza kale sukulu. Mbande yoyenera kugula ndi imene ili ndi chipsera cha pomezanitsira pa tsinde lake.

Elm wa ku England: Mitengo Mamiliyoni, Mtengo Umodzi

Kuchulukitsa mtengo ndi ziwalo zake kuli ndi ubwino woonekeratu, pakuti chimene wabzala ndicho chimene udzaone. Koma kulinso ndi kuipa kwake, ndipo palibe mtengo umene unaonetsa zimenezi momveka kuposa elm wa ku England.

Mitengo ya elm, ya mfunda wa Ulmus, ndi ya kumaiko ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi ndipo simera yokha m'nkhalango zathu. Abale ake a kuno ndi mitengo monga mpefu, Trema orientalis, ndi Celtis africana. Mabuku akale amaika mitengo iwiriyi m'banja la elm, koma kafukufuku wa DNA anachititsa kuti isamutsidwire m'banja la Cannabaceae, limene ndi banja la chamba. Izi zikusonyeza kuti ngakhale maina a sayansi amasintha nzeru zikamaonjezereka.

Elm wa ku England unali mtengo wautali, wofika mamita 40, umene unabzalidwa kwambiri m'malire a minda, m'misewu ndi m'mapaki, makamaka m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Dzina lake linavutitsa akatswiri kwa nthawi yaitali. Poyamba unkatchedwa Ulmus campestris, dzina la Linnaeus limene linkaphatikiza mitengo ingapo yosiyana. Mu 1796 Richard Salisbury anaupatsa dzina lakelake, Ulmus procera, kutanthauza "wamtali", poganiza kuti ndi mtundu woima pawokha. Ena pambuyo pake anauyesa nthambi chabe ya Ulmus minor, elm wofala ku Ulaya. Chimene onse ankachiona ndi chakuti mtengowu sunali kubereka njere zomera kawirikawiri, ndipo unkafalikira ndi mphukira zochokera ku mizu.

Mu 2004 gulu la akatswiri a ku Madrid lotsogozedwa ndi Luis Gil linasindikiza m'magazini ya Nature zotsatira za kuyeza DNA ya mitengoyi. Iwo anapeza kuti elm wa ku England ndi anzake a ku Spain ndi mtengo umodzi wochulukitsidwa ndi mphukira, ndipo anaugwirizanitsa ndi elm wa ku Italy amene Aroma ankabzala m'minda ya mpesa kuti mpesawo uziyangapo. Columella, mlembi wa zaulimi amene anakhalako m'zaka 100 zoyambirira Khristu atabadwa, anafotokoza za elm wotchedwa Atinia, wosabereka njere kawirikawiri, wochulukitsidwa ndi mphukira. Chifukwa cha ichi, mtengowu tsopano umalembedwa Ulmus minor 'Atinia'. Dzina limene linkaoneka ngati la mtundu wachilengedwe linalowa pakati pa tizizindikiro, ndipo mtengo umene Angerezi ankauyesa chizindikiro cha dziko lawo unapezeka kuti ndi wobwera.

Matenda Atafika

Chidziwitso chimenechi chinafotokoza tsoka limene linali litachitika kale. Cha m'ma 1910 mitengo ya elm kumpoto chakumadzulo kwa Ulaya inayamba kufota ndi kuuma. Choyambitsa chinali nkhungu imene imalowa m'mitsempha yoyendamo madzi, mtengo n'kudzitsekera wokha mitsemphayo poyesa kudziteteza, mpaka masamba kufota. Nkhunguyi imanyamulidwa ndi tizikumbu tofukula pansi pa khungwa, ndipo imadutsanso m'mizu pamene mizu ya mitengo yoyandikana yalumikizana.

Amene anaitulukira anali Bea Schwarz wa ku Netherlands kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo mnzake Christine Buisman anatsimikiza zimenezi patapita zaka zochepa. Nchifukwa chake matendawa amatchedwa Dutch elm disease. Dzinali limanena za dziko la ofufuzawo, osati kumene matendawa anachokera. Amai awiriwa anakumbukiridwa potchula maina awo mitundu yoyamba ya elm yosankhidwa kuti ipirire matendawa, 'Christine Buisman' ndi 'Bea Schwarz'.

Mliri woyamba unapha mitengo yambiri kenaka n'kuzilala. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 nkhungu ina yaukali, imene mu 1991 inapatsidwa dzina la Ophiostoma novo-ulmi, inalowa ku Britain ndi zipika zochokera ku Canada. Mitengo ya elm yoposa 25 miliyoni inafa m'dzikomo, ndipo elm wa ku England ndiye anapululuka koposa. Mitengo yofesedwa ndi njere imasiyana chibadwa monga amasiyanirana ana a mimba imodzi, kotero kuti mliri ukabwera pamakhala ina yopirirako. Koma apa panalibe wosiyana ndi mnzake. Chofooka cha mtengo umodzi chinali chofooka cha yonse.

Mizu yake sinafe, ndipo mpaka lero imatulutsa mphukira m'malire a minda, koma mphukirazo zikakula kufika pokopa tizikumbu tija zimagwidwanso. Mitengo ikuluikulu yatsala m'malo ochepa, monga ku Brighton, kumene inatetezedwa mwakhama, ndi ku Melbourne m'dziko la Australia, kumene matendawa sanafike.

Phunziro kwa Ife

Wina angafunse kuti, kodi mtengo wa ku England ukutikhudza bwanji ife olima thonje ndi chimanga? Yankho lili m'dimba ndi kuseri kwa nyumba zathu. Chinangwa, mbatata, nthochi ndi nzimbe timazichulukitsa monga momwe Aroma ankachulukitsira elm uja, ndipo maina ake amatisokoneza chimodzimodzi.

Mbatata imene ku Malawi amaitcha Kenya ndi yomweyo imene ku Zambia amati Chingovwa, dzina limene lafikanso kuno, pamene ku Uganda amaitcha Tanzania. Chinangwa cha Manyokola ndi chomwecho chimene ena amati Mbundumali. Mlimi amene wabzala Manyokola mbali ina ya munda ndi Mbundumali mbali inayo angaganize kuti wadziteteza posakaniza mitundu, chikhalirecho wabzala chomera chimodzi kawiri. Alimi a nthochi a ku Thyolo ndi Mulanje akudziwa kuwawa kwa nkhani yotere. Matenda a chisaka, amene anaoneka m'Malawi m'zaka za m'ma 1990, anayenda ndi nsabwe za nthochi komanso ndi mphukira zogawana, ndipo anapululutsa minda imene inkadalira mitundu yochepa yofanana chibadwa.

Pa mitengo yokongoletsa malo mfundo ndi yomweyo. Jakaranda wa pepo amene ali m'misewu yathu ambiri anachokera ku njere, choncho ali ndi kusiyanako pang'ono. Koma msewu wonse wobzalidwa 'Alba' ungakhale mtengo umodzi woima m'maenje ambiri. Si kulakwa kubzala mtengo wotere, koma obzala adziwe chimene akuchita.

Malangizo kwa Alangizi, Aphunzitsi ndi Eni Nazale

1. Pogula mbande funsani dzina lathunthu, kumene inachokera, ndiponso ngati ndi yofesedwa, yodulidwa kapena yomezanitsidwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

2. Mtengo wokongoletsa malo wokhala ndi dzina la pakati pa tizizindikiro musaugule ngati njere, pokhapokha mutatsimikiza kuti mtunduwo umasungika ndi njere.

3. Pa mtengo womezanitsa chotsani mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa chipsera. Zikasiyidwa zimapambana nthambi yomezanitsidwayo, ndipo jakaranda woyera amabwerera kukhala wa pepo.

4. Sungani kaundula wa nazale kapena wa sukulu, wolembamo dzina, tsiku lobzala ndi malo a mtengo uliwonse. Chikwangwani chimathothoka, wogwira ntchito amasamuka, koma buku limatsala.

5. Musasinthe dzina la mtundu pofuna malonda. Ngati dera lanu lili ndi dzina lake, lembani maina onse awiri.

6. Pobzala m'misewu, pasukulu kapena patchalitchi, sakanizani mitundu, ndipo pakhale mitengo yachilengedwe monga mbawa, mvunguti ndi msikidzi. Jakaranda asabzalidwe pafupi ndi mitsinje, kumene njere zake zouluka ndi mphepo zimamera mosavuta.

7. Musaolotse malire a dziko nthambi, mphukira kapena zipika popanda chilolezo cha oona za thanzi la zomera. Mliri wa elm unayenda pa zipika.

8. Mtengo umene dzina lake lakusokonezani, tengani nthambi ya masamba, maluwa ndi zipatso, muiumitse pakati pa mapepala, ndi kuitumiza ku National Herbarium ku Harare kapena ku Zomba, kumene kuli akatswiri ozindikira zomera.

Mau Omaliza

Elm wa ku England anakhala zaka zoposa 200 akudziwika ndi maina obisa chibadwa chake, ndipo dzina loona linapezeka mitengo itatha kale. Ife tili ndi mwayi wofunsa mafunso amenewa mbewu zathu zikadali zamoyo. Tikamalandira phesi la chinangwa kwa mnansi kapena mbande ya maluwa kumsika, tizifuna kudziwa ngati ndi chomera chatsopano kapena ndi chomwe tili nacho kale chimene changobwera ndi dzina lina.

Aphunzitsi a ku Rimuka aja ndinawalangiza kuti afunefune mbande ziwiri kapena zitatu zomezanitsa za jakaranda woyera, azibzale pakhomo la sukulu, ndipo malo otsalawo adzaze ndi mitengo yachilengedwe yofesedwa ndi ana omwe. Ndinawapemphanso kuti dzina la mtengo uliwonse lilembedwe m'buku la sukulu, kuti amene adzabwere pambuyo pawo asadzavutike kufunsa.